Zhu Zaiyu: kalonga amene adakana mpando, nasankha kulondola maliwu a nyimbo

M'chaka cha 1550, mumzinda wa Huaiqing m'chigawo cha Henan ku China, mnyamata wa zaka 14 adatuluka m'nyumba yachifumu ya bambo ake n'kukadzimangira kanyumba kadothi kunja kwa chipata. Adayala udzu pansi, ndipo pamenepo ndi pomwe padakhala pogona pake. Chidamutulutsa m'nyumba yabwinoyo ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, poti bambo ake, omwe adali kalonga wa Zheng, adali atalandidwa udindo n'kutumizidwa kundende pa milandu yowasemera.

Mnyamatayo adali Zhu Zaiyu. Adakhala m'kanyumbako zaka zosachepera 17, ndipo m'zaka zimenezo adayamba kulimbana ndi funso limene lidasautsa akatswiri a nyimbo a dziko lake kwa zaka zoposa 1,500. Funsolo lidali lakuti, n'chifukwa chiyani maliwu a nyimbo, akawerengedwa motsata lamulo la makolo, sabwerera pamene adayambira? Yankho limene adapeza ndi nambala imodzi yokha, yomwe lero ndi imene imalamulira kachunidwe ka makiyibodi a m'matchalitchi ndi katalikirana ka tizitsulo ta pakhosi pa gitala. Koma mwini wake adamwalira asadaone bwalo la mfumu likuigwiritsa ntchito.

Ulemu wopanda ufulu

Zhu Zaiyu adabadwa m'chaka cha 1536 ku Huaiqing, komwe lero ndi mzinda wa Qinyang. Dzina loti Zhu ndi mfunda, poti Atchaina amayamba kutchula dzina la banja, ndipo ndiwo mfunda wa mafumu onse a ufumu wa Ming, umene udalamulira China kuyambira 1368 mpaka 1644. Banja lake lidachokera kwa mfumu yaikulu Hongxi, yomwe mmodzi mwa ana ake ndiye adayamba kupatsidwa ukalonga wa Zheng.

Ukalonga wa nthawi imeneyo udali ulemu wopanda ufulu. Poopa kuti achibale angalande ufumu, boma lidaletsa akalonga kugwira ntchito za boma, kulemba mayeso olowera m'maudindo, ngakhale kutuluka mumzinda umene adaikidwa popanda chilolezo. Ankangolandira chuma kuchokera ku boma n'kumakhala. Ambiri adathera m'zisangalalo, koma ena ochepa adatembenukira ku mabuku. Bambo ake a Zaiyu, a Zhu Houwan, adali m'gulu lachiwirili. Ankadziwika ndi moyo wosalira zambiri, ndipo ankakonda maphunziro a nyimbo ndi miyambo.

Mfumu yaikulu ya nthawiyo, Jiajing, yomwe idalamulira kuyambira 1521 mpaka 1567, idali italowerera m'miyambo ya chipembedzo cha Dao ndi m'kusakasaka mankhwala otalikitsa moyo. A Houwan adailembera kalata yoidzudzula ndi kuilangiza kuti isamale za ulamuliro. Mfumu idapsa mtima. Ataona kuti mphepo yasintha, wachibale wina dzina lake Zhu Youshan, amene adali ndi mangawa akalekale okhudza ukalonga wa Zheng, adawanenera milandu 40, waukulu mwa yonseyo ukhala wofuna kuukira boma. Ofufuza sadapeze umboni wa kuukirako, komabe mfumu idawachotsa pa udindo n'kuwatsekera ku Fengyang, m'ndende ya mipanda italiitali yomwe ankasungirako achibale a mfumu olakwa.

Umu ndi momwe mlowam'malo wa ukalonga adapezekera pa udzu. M'kanyumba kadothiko adawerenga masamu, za nyenyezi, za kalendala ndi za nyimbo, ndipo pofika 1560 adali atalemba kale buku lonena za choimbira cha zingwe zambiri chotchedwa se.

Maliwu asanu

Kuti ntchito ya Zhu imveke, m'pofunika kudziwa maziko amene adawapeza. Maphunziro akale a nyimbo ku China adamangidwa pa maliwu asanu otchedwa gong, shang, jue, zhi ndi yu. Kwa munthu amene adaphunzira solofa mukwaya, maliwuwa amafanana ndi do, re, mi, so ndi la. Fa ndi ti mulibe, choncho mulibenso maliwu awiri oyandikana kwambiri monga mi ndi fa. Amene ali ndi kiyibodi pafupi angawamve posindikiza mabatani akuda okhaokha, kuyambira pa loyamba la gulu la atatu: atatuwo ndi gong, shang ndi jue, ndipo awiri otsatirawo ndi zhi ndi yu.

Maliwu ndi asanu okha, koma njira zoimbira zimene amabala nazonso ndi zisanu, malinga ndi liwu limene nyimbo yalisankha kukhala kwawo, kumene imapumira ndi kuthera. Nyimbo ikakhazikika pa gong, makwerero ake ndi do, re, mi, so, la. Ikakhazikika pa shang amakhala re, mi, so, la, do. Pa jue ndi mi, so, la, do, re. Pa zhi ndi so, la, do, re, mi, ndipo pa yu ndi la, do, re, mi, so. Maliwu sadasinthe, koma malo amene pali sitepe yaifupi ndi pamene pali yotalika asintha, ndipo khutu limamva kusiyanako msanga. Njira ya gong imamveka yokhazikika ndi yowala, pomwe ya yu imamveka yofatsa, yoyandikira chisoni. Nyimbo yotchuka ya Mo Li Hua, imene alendo ambiri amaidziwa ngati chizindikiro cha nyimbo za China, imathera pa zhi.

Kwa ophunzira akale, izi sizidali nkhani ya kukoma kwa nyimbo kokha. Buku la miyambo lotchedwa Liji, m'chigawo chake cha nyimbo chotchedwa Yueji, lidagawira liwu lililonse malo ake m'dziko. Gong adaimira wolamulira, shang nduna, jue anthu wamba, zhi ntchito za boma, ndipo yu chuma ndi katundu. Liwu limodzi likasokonekera, ankakhulupirira kuti ndi chizindikiro chakuti mbali ya dziko imene likuimira nayonso yadwala. Maliwuwa adawalumikizanso ndi zinthu zisanu zimene ankati ndizo zimayendetsa chilengedwe, komanso ndi mbali za dziko: gong ndi dothi ndiponso pakati, shang ndi chitsulo ndi kumadzulo, jue ndi mtengo ndi kummawa, zhi ndi moto ndi kummwera, yu ndi madzi ndi kumpoto. Padalinso maliwu ena awiri owonjezera, bianzhi ndi biangong, amene ankakwaniritsa asanu ndi awiri, koma ulemu waukulu udali pa asanu aja.

Maliwu asanuwa alibe malo okhazikika, monga momwe do amasunthira kwaya ikaona kuti nyimbo yakwera kwambiri. Malo okhazikika ankaperekedwa ndi miyeso ina 12 yotchedwa lü, imene ankaisunga m'zitoliro zansungwi za kutalika kosiyanasiyana. Nthano yakale imati munthu wina dzina lake Ling Lun ndiye adadula nsungwi zoyambirira atatumidwa ndi mfumu Huangdi. Chitoliro choyamba ndi chachikulu mwa zonse chinkatchedwa huangzhong, kutanthauza belu lachikasu. Ulemu wake udapitirira nyimbo, chifukwa mabuku a mbiri ya ufumu wa Han amasonyeza kuti miyeso ya kutalika, ya kuchuluka ndi ya kulemera kwa zinthu inkachokera pa chitoliro chimenechi: kutalika kwake kudali njere 90 za mawere akuda zondandalikidwa, ndipo mkati mwake munkalowa njere 1,200. Ufumu watsopano ukabwera, umodzi mwa ntchito zake udali kutsimikizanso huangzhong.

Mwezi uliwonse wa chaka udali ndi chitoliro chake, ndipo mwambo unkafuna kuti gong azisunthira pa chitoliro cha mwezi umenewo. Kusuntha kumeneku kunkatchedwa xuangong, kutanthauza kuzungulitsa gong. Njira zisanu zija zikaikidwa pa chilichonse cha zitoliro 12, zimabala njira 60. Pa pepala zonse zidali bwino. Vuto lidali m'masamu.

Mpata umene sudatsekeke

Lamulo la makolo lopezera maliwu linkatchedwa sanfen sunyi, kutanthauza kugawa patatu, n'kuchotsa kapena kuwonjezera gawo limodzi. Wolemba mbiri wotchuka Sima Qian adasunga manambala ake. Chingwe cha gong chikhale cha miyeso 81. Pochotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu patsala 54, ndipo ameneyo ndi zhi. Pa 54 powonjezera gawo limodzi mwa atatu pakhala 72, yemwe ndi shang. Pa 72 pochotsanso patsala 48, yu. Pa 48 powonjezera pakhala 64, jue. Maliwu asanu akwana. Nambala ya 64 sigawika patatu popanda chotsala, ndipo olemba ena akale ankati ndicho chifukwa chake maliwu enieni adalekezera pa asanu.

Lamulo lomweli likapitirizidwa limabala zitoliro zonse 12. Sitepe yotsatira iyenera kubwezera munthu pa huangzhong, kaya yemweyo kaya wapamwamba pake, monga do wapansi ndi do wapamwamba. Koma sizitero. Ngati chingwe choyambira ndi cha masentimita 100, do wapamwamba ayenera kupezeka pa theka lake, masentimita 50. Lamulo la magawo atatu limafikitsa munthu pa masentimita pafupifupi 49.3. Kusiyanako n'kochepa pa maso, koma khutu limakumva bwino lomwe. Chifukwa chake n'chakuti nambala ya 3, ngakhale ichulukitsidwe ndi iyo yomwe kangati, singafanane ndi nambala ya 2 yochulukitsidwa mwa njira yomweyo.

Zotsatira zake zidali zakuti masitepe a pakati pa zitoliro 12 sadali ofanana, ena adali otalikirapo kuposa anzawo. Woimba ndi pakamwa kapena wa choimbira cha zingwe angathe kukonza zimenezi nyimbo ili mkati. Koma nyimbo za pa miyambo ya boma zinkadalira mabelu amkuwa ndi miyala yosemedwa yolira ikamenyedwa, zinthu zimene liwu lake silisintha zikangopangidwa. Gong akasunthira kutali ndi huangzhong, makwerero a maliwu asanu aja ankapindika, ndipo zina mwa njira 60 zija zinkamveka zopotoka. Kwa anthu okhulupirira kuti gong ndi mfumu ndipo jue ndi anthu ake, kupotoka kotereku sikudali nkhani yaing'ono.

Akatswiri ambiri adayesa. Jing Fang, wa m'nthawi ya Han, amene adamwalira m'chaka cha 37 Khristu asadabadwe, adapitiriza kuwerengera mpaka maliwu 60, nayandikira kwambiri pamene adayambira koma osafikapo ndendende. M'zaka za m'ma 400, Qian Lezhi adafika pa 360. He Chengtian, wa nthawi yomweyo, adayesa kugawa kusiyana kuja pakati pa zitoliro zonse 12, ndipo adayandikira yankho kuposa anzake. Cai Yuanding wa m'zaka za m'ma 1100 adawonjezera zitoliro zisanu ndi chimodzi kuti zikhale 18. Onsewa, kupatula He Chengtian, adasunga lamulo la magawo atatu osalikhudza, n'kumangowonjezera maliwu amene palibe gulu la oimba likadatha kuwanyamula.

Nambala imodzi

Jiajing atamwalira, mfumu yatsopano Longqing idamasula ambiri amene adamangidwa chifukwa chodzudzula, ndipo mu 1567 a Zhu Houwan adabwezeredwa ukalonga wawo. Apo ndi pomwe Zaiyu adabwerera m'nyumba yachifumu. Adakwatira mkazi wa ku banja la He Tang, katswiri wa maphunziro wa kwawo komweko amene zolemba zake pa nyimbo zidamuthandiza kwambiri. Bambo ake nawonso adali atasinkhasinkha za nyimbo ali m'ndende, ndipo mwanayo adawatchula m'mabuku ake ngati amene adamutsegulira njira.

Chimene chidasiyanitsa Zhu ndi ambiri amene adamutsogolera n'chakuti ankakhulupirira khutu lake ndi manja a oimba. Ankaimba qin, choimbira cha zingwe zisanu ndi ziwiri chimene kachunidwe kake kofala kamatsata maliwu asanu aja, ndipo chili ndi tizizindikiro 13 tosonyeza pogwira. Iye mwini adafotokoza kuti adaona kuti maliwu amene amatuluka pa qin sagwirizana ndi manambala a m'mabuku, ndipo adalingalira zimenezi usana ndi usiku kwa nthawi yaitali asadaone potulukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potulukira pake padali kulitembenuza funsolo. Akale ankayamba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kuyembekeza kuti akafika kwawo. Zhu adayamba ndi kwawoko. Adatenga ngati chosasinthika mfundo yakuti liwu lapamwamba lofanana ndi lapansi limachokera pa theka la chingwe, ndipo adafunsa kuti ndi nambala iti imene, ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe mpaka kukwana ka 12, ingapereke 2. Ikapezeka nambala imeneyo, masitepe onse 12 akhala ofanana, ndipo womaliza adzafika ndendende pamene woyamba adanyamukira.

Adaipeza m'masitepe atatu. Poyamba adajambula bwalo la mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse yotalika ngati huangzhong, n'kuwerengera mzere wodutsa pakati kuchokera pa ngodya ina kufika pa ina. Mzerewo udampatsa 1.414213, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala 2, ndipo imagawa ulendo wa masitepe 12 pakati penipeni. Kenaka adafuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala 1.414213, napeza 1.189207, yomwe ndi mtunda wa masitepe atatu. Pomaliza adaugawa mtundawo patatu mwa njira yomweyo yochulukitsa, napeza 1.059463, sitepe imodzi.

Sadalekeze pa manambala asanu ndi amodzi a pambuyo pa kadontho. Adawerengera mpaka malo 24, nalemba 1.059463094359295264561825. Adachita zimenezi popanda makina alionse, koma ndi chowerengera cha mikanda yotungidwa pa timitengo chimene Atchaina amachitcha suanpan. Cha amalonda wamba chidali chaching'ono pa ntchito yotere, choncho iye adagwiritsa ntchito chachikulu cha mizere 81. Njira yakeyi adaitcha xinfa milü. Adailengeza m'buku la Lüxue xinshuo la mu 1584, naifotokoza mwatsatanetsatane m'buku la Lülü jingyi limene adamaliza cha m'ma 1596, ndipo kawerengedwe kake adakaonetsanso m'buku la masamu la Suanxue xinshuo la mu 1603.

Yankholi lidali ndi mtengo wake. Kuti mzere utsekeke, liwu lililonse lidayenera kutayako pang'ono ungwiro wake wakale. Pa chingwe cha masentimita 100, zhi wa makolo amapezeka pa 66.67, pomwe wa Zhu ali pa 66.74. Kusiyanako sikukwana ndi milimita imodzi yomwe. Cholakwika chimene kale chinkaunjikana pa malo amodzi n'kumamveka, tsopano chidagawidwa mofanana kwa onse 12 mpaka kukhala chovuta kuchimva. Gong adatha kukhala pa chitoliro chilichonse, ndipo shang, jue, zhi ndi yu ankamutsatira ndi masitepe omwewo osapindika. Njira zonse 60 zidatheka pa gulu limodzi la mabelu.

Nsungwi, mawere ndi mapazi a ovina

Zhu sadakhutire ndi manambala a pa pepala. Adapanga choimbira cha zingwe 12 choyesera maliwu ake, ndipo adadula zitoliro. Apa adatulukira chinthu china chimene ambiri adachilambalala, chakuti chitoliro sichimvera lamulo la chingwe. Nsungwi ikadulidwa pakati, kukula kwa bowo lake kukhala komweko, liwu lake silifika ndendende pa do wapamwamba. Choncho adawerengera kuti chitoliro chilichonse chikamafupika, bowo lake nalonso lizichepa ndi muyeso wake wapadera, ndipo adalemba kutalika ndi kukula kwa zitoliro 36. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, katswiri wa zoimbira wa ku Brussels, Victor-Charles Mahillon, adapanga zitoliro potsata miyeso imeneyi napeza kuti ikugwira.

Pofuna kudziwa kutalika kwenikweni kwa huangzhong wa makolo, adafunafuna mawere a ku phiri la Yangtou m'chigawo cha Shanxi, amene mabuku akale ankawatchula, n'kumandandalika njere zake chotalika ndi chopingasa, akuyerekeza ndi ndalama zachitsulo zakale. Adaphunziranso magule a pa miyambo, nasindikiza zithunzi mazanamazana zosonyeza kaimidwe ka ovina ndi malo oponda mapazi awo, kuti gule athe kuphunziridwa kuchokera m'buku. Mu 1595 adapereka kwa mfumu kalendala yatsopano, ataona kuti imene boma linkagwiritsa ntchito idayamba kuphonya poneneratu kadamsana. Akuluakulu a unduna wa miyambo adamuyamikira, koma kalendala yakale idapitirira kugwira ntchito. Anthu a kwawo amamukumbukiranso ndi nyimbo zachipongwe za m'chinenero cha anthu wamba zimene zimatchedwa zake, zoseka umbombo ndi ulemu wogula ndi ndalama.

Mpando umene adaukana

Bambo ake adamwalira mu 1591, ndipo mwa lamulo ukalonga wa Zheng udali wake. Zhu adaukana. Adalembera mfumu yaikulu Wanli kuti mpandowo ubwerere ku nthambi ina ya banja, imene mwa ukulu wa kubadwa ndiyo idayenera kuulandira kalelo, koma idadumphidwa chifukwa kholo lake lidali litalandidwa udindo pa mlandu. Nthambi imeneyi idali ya Zhu Youshan, yemwe uja adamangitsa bambo ake.

Akuluakulu a boma sadavomere msanga, poti banja la Zaiyu lidali litakhala pa mpandowo mibadwo ingapo, ndipo kusintha kukadatsegula khomo la milandu ina yotere. Iye adalembanso, nalembanso, kufikira kasanu ndi kawiri m'zaka 15. Mu 1606 mfumu idalola, ndipo ukalonga udapita kwa Zhu Zaixi, mdzukulu wa Youshan. Mkangano umene udadya zaka zaunyamata wake adauthetsa popereka kwa mbumba ya mdani wa bambo ake chinthu chenicheni chimene ankalimbirana. Boma lidamulola kusunga ulemu wa mlowam'malo moyo wake wonse, ndipo lidamumangira chipata chachikumbutso. Iye adasamuka m'nyumba yachifumu kachiwiri, ulendo uno mosakakamizidwa ndi chisoni, nakakhala kunja kwa mzinda kufupi ndi phiri la Jiufeng.

M'chaka chomwecho cha 1606 adatumiza kulikulu mabuku ake a nyimbo, amene pamodzi ndi ena amapanga mtolo waukulu wotchedwa Yuelü quanshu, wosindikizidwa ndi matabwa osema. Mabukuwo adalandiridwa mwaulemu n'kuperekedwa ku ofesi yosunga mbiri, komwe adakakhala. Palibe lamulo limene lidatuluka loti mabelu a boma achunidwe mwatsopano. Zhu Zaiyu adamwalira mu 1611 ali ndi zaka pafupifupi 75, ndipo adaikidwa m'munsi mwa phiri la Jiufeng. Patatha zaka 33, ufumu wa Ming udagwa.

Zimene zidatsatira

Ufumu wa Qing umene udalowa m'malo sudamukomere mtima. M'zaka za m'ma 1700, mfumu yaikulu Qianlong ndi akatswiri ake adatsutsa poyera njira yake, mlandu waukulu ukhala wakuti adasiya lamulo la magawo atatu limene mabuku opatulika a makolo adalivomereza. Komabe sikuti onse adamukana. Katswiri wina wa nthawiyo, Jiang Yong, adawerenga buku la Zhu atakalamba kale, ataononga zaka zambiri pa funso lomwelo, ndipo adavomereza kuti yankho lidali litapezeka.

Ku Ulaya nako anthu ankalimbana ndi mpata womwewo, umene kumeneko umatchulidwa ndi dzina la Pythagoras. Katswiri wa masamu Simon Stevin, wobadwira ku Bruges, adalemba za nambala yomweyi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, koma manambala ake sadali olondola ngati a Zhu, ndipo zolembazo zidasindikizidwa mu 1884. Marin Mersenne wa ku France adafalitsa mfundoyi m'buku lake la mu 1636. Akatswiri a mbiri akhala akutsutsana ngati maganizo a Zhu adafika ku Ulaya kudzera mwa amishonale ndi amalonda kapena ngati mbali ziwirizi zidafika pa yankho limodzi payokhapayokha. Chosatsutsika n'chakuti Zhu ndiye adayamba kusindikiza kawerengedwe kolondola. Dzina lake lidadziwika ku Ulaya kudzera mwa wansembe wa Chijezwiti Joseph-Marie Amiot, amene adakhala ku Beijing zaka zambiri nalemba za nyimbo za China m'zaka za m'ma 1770. Kachunidwe ka masitepe 12 ofanana kadafala pa mapiyano a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuchokera kumeneko kadafika pafupifupi kulikonse, kuphatikizapo ku China komwe.

Maliwu asanu aja sadafe. Gong, shang, jue, zhi ndi yu akuphunzitsidwabe m'sukulu za nyimbo ku China, ndipo oimba qin akuchunabe zingwe zawo ndi khutu monga kale. Zhu sadafune kuwachotsa. Chimene ankafuna ndi chakuti athe kuyenda pa zitoliro zonse 12 n'kubwerera kwawo osapotoka. Mumzinda wa Qinyang muli nyumba yachikumbutso yotchedwa ndi dzina lake, ndipo manda ake akusamalidwa mpaka lero.

Ntchito yake imaonekanso kutali ndi Henan, m'malo amene dzina lake silimveka. Wotsogolera nyimbo m'tchalitchi akayamba pa liwu lokwera kapena lotsika kuposa la masiku onse, woimba kiyibodi amasaka kiyi kwa kamphindi, n'kuipeza, ndipo nyimbo imapitirira osapindika. Zimenezi zimatheka chifukwa batani lililonse limasiyana ndi linzake ndi muyeso wa 1.059463, nambala imene mwana wa mkaidi wa ku Fengyang adaiwerengera pa mikanda zaka zoposa 400 zapitazo.